Mwana wapita kukaphunzira bizinesi ku yunivesite: nanga benchi ya mayi ake ipindula chiyani?

Chaka chilichonse, maina a ana osankhidwira ku sukulu za ukachenjede za boma akangotuluka, m'misika mwathu mumamveka nthungululu. Kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande, pa msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Zigwagwa ku Mzuzu, simulephera kupeza mayi wa matimati akuvina pambali pa benchi yake chifukwa mwana wake wasankhidwa kukachita maphunziro a bizinesi. Tsiku limenelo banyira amakhala wa aliyense wodutsa.

Koma nthungululu zikazizira pamabwera masamu. Fizi, lendi ya kachipinda, ndiwo, makala, mabuku, thiransipoti, mwinanso laputopu. Zonsezi ndi za zaka zinayi zathunthu, ndipo zichokera pa benchi yomweyo imene ikudyetsa banja lonse. Ena mumatapa pa mpamba, ena mumachonderera anzanu a chipereganyu kuti mulandire msanga, enanso mumakathera kwa akatapila.

Ndiye tiyeni tifunsane mosapsatira, amayi ndi abambo. Kodi mwanayu akukaphunzira chiyani chimene inu, amene mwachita geni zaka 20 popanda setifiketi ina iliyonse, simuchidziwa? Nanga akadzamaliza, ndalama mwathirazi zidzabwerera njira iti?

Zoona zake n'zakuti zambiri zimene akukaphunzirazo ndi zomwe inu mumachita kale m'mutu tsiku ndi tsiku. Kungoti kumeneko amazilemba papepala n'kuziyeza ndi manambala mpaka zitaonetsa pamene ndalama ikuthawira. Luso limenelo ndi lenileni. Koma m'dziko la mafakitale ochepa ngati lathu lino, pepala lokha silitsegula ofesi. Digiri imabweza ndalama msanga ikakumana ndi geni, ndipo geniyo muli nayo ndinu.

Sukuluzi zili kuti?

Sukulu yaikulu ya boma yophunzitsa za bizinesi ili ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere. Ambiri timangoitchulabe kuti Poly. Kale idali nthambi ya University of Malawi, yomwe idayamba kuphunzitsa mu 1965. Mu 2021 yunivesiteyo idagawidwa patatu, ndipo Poly idaima payokha ndi dzina la Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Kumeneko mwana akhoza kutenga digiri ya Business Administration, ya akaunti, ya kagulidwe ndi kayendetsedwe ka katundu, kapena ya uinjiniya. Za bizinesi zimatenga zaka zinayi, za uinjiniya zaka zisanu.

Ku Bunda, sukulu ya za ulimi ya LUANAR imaphunzitsa bizinesi ya zokolola. Ku Thyolo kuli MUST, imene idatsegulidwa mu 2014 ndipo imasula mainjiniya a ntchito za m'mafakitale. Kulinso Malawi College of Accountancy ya owerengera ndalama. Kupatula za boma, kuli sukulu za mipingo ndi za anthu wamba, monga Catholic University ku Nguludi m'boma la Chiradzulu yomwe idayamba mu 2006.

Kuti mwana aganiziridwe, amafunika makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Wofuna za bizinesi asamale Masamu, ndipo wofuna uinjiniya aonjezepo sayansi. Amene mudasiya sukulu kale musadzione otsalira, chifukwa sukulu zambiri zili ndi makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata, komanso khomo la akuluakulu amene ali ndi dipuloma.

Pano mpamene tiyenera kutsinana khutu. Chibwerereni matipate mu 1994, makoleji aphuka ngati bowa wa m'dzinja, ena pamwamba pa mashopu, ndipo pafupifupi onse amalengeza maphunziro a bizinesi chifukwa safuna makina kapena labu, koma bolodi ndi mipando basi. Lamulo la mu 2011 lidakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene limayendera sukuluzi ndi kutulutsa mndandanda wa zovomerezeka. Musanapereke tambala, funsani zinthu ziwiri: kodi sukuluyi ndi yovomerezeka, nanga phunziro lenileni limene mwana akufunalo ndi lovomerezeka? Sukulu itha kukhala pa mndandanda pomwe phunziro lina la pomwepo palibe. Safunsa adadya phula.

Phunziro loyamba ndi buku

Chaka choyamba mwana wanu akumana ndi akaunti, masamu a bizinesi, za chuma cha dziko ndi malamulo a malonda. Muzu wa zonsezi ndi buku lolembamo zolowa ndi zotuluka. Njira imene amaphunzira, yolemba ndalama iliyonse kawiri, komwe yachokera ndi komwe yapita, idasindikizidwa koyamba mu 1494 mu mzinda wa Venice ndi katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli. Koma mkuluyu sadaipeke yekha ayi. Adangolemba zimene amalonda a mumzindawo ankachita kale. Ngakhale ku Amereka, sukulu yoyamba ya bizinesi ya pa yunivesite, ya Wharton, idadza mochedwa mu 1881. Msika ndiye udayamba, kalasi idachita kutsatira.

Nanga bukulo limaona chiyani chimene mutu suona? Tiyeni tiyerekeze ndi manambala osavuta kuwerengera. Mayi wapikula dengu la matimati ku Lizulu pa K30,000. Akuona kuti mutuluka milu 50 ya K1,000 umodzi, ndiye mumtima akuti phindu ndi K20,000. Tsopano tilembe. Galimoto, iye ndi katundu wake, K6,000. Wonyamula pa depoti K1,000. Chiphaso cha msika cha masiku awiri K1,000. Zokulungira makasitomala K1,000. Zonse pamodzi dengulo lamudyera K39,000. Pofika tsiku lachiwiri, matimati okwana milu isanu aphwanyika kapena kuola, ndipo okwana milu itatu apita m'mabanyira. Wagulitsa milu 42, walandira K42,000. Phindu lenileni ndi K3,000 pa masiku awiri, ndipo sitinawerengere thukuta lake kapena matimati amene watengako a ndiwo kunyumba.

Mayiyu si wopusa. Ndalama zikudutsa m'manja mwake tsiku lonse, kachikwama ka m'chiuno n'kodzaza, ndiye n'kovuta kuona kuti akungogwirira ntchito mwini lole. Chinthu choyamba chimene wophunzira bizinesi amauzidwa n'chakuti ndalama ya m'manja ndi phindu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chachiwiri n'chakuti thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo zisamadyere mbale imodzi. Mwini geni adziikire malipiro ake, ndipo za sopo, za maliro ndi za ku chinkhoswe zizichokera pamenepo.

Ndalama iyende, isagone

Phunziro lina limene limadabwitsa ophunzira ndi lakuti phindu lalikulu pa chinthu chimodzi si ndilo limalemeretsa munthu. Tiyerekezenso. Amalonda awiri ali ndi mpamba wa K200,000 aliyense. Woyamba amaika phindu la K20 pa K100 iliyonse, koma katundu wake amatha kamodzi pa mwezi. Apeza K40,000. Wachiwiri amangoika K8 pa K100 iliyonse, koma katundu wake amatha sabata iliyonse n'kukaodanso. Pa mwezi wazungulira kanayi, wapeza K64,000. Wotchipitsayo ndiye wapambana. Eni mahoselo a ku Limbe ndi a mu msewu wa Malangalanga ku Lilongwe amadziwa bwino masamu amenewa. Katundu wogona pa shelefu ndi ndalama yomangidwa miyendo.

Palinso nkhani ya kugwa kwa kwacha, imene inu mwaimva kuwawa kwake kuposa aliyense. Kwacha idasiyidwa kuti iziyandama mu Febuluwale 1994, idagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ulendo womalizawu dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Wamalonda amene adaoda chinthu pa K10,000 n'kuchigulitsa pa K12,000 ankaona ngati wapindula K2,000, koma pobwerera ku hoselo adachipeza chili pa K14,000. Wagulitsa katundu yense, koma ndalama zake sizingadzadzenso benchi. Ku kalasi amaphunzitsa kuti pa nthawi yotere mtengo uziwerengeredwa pa ndalama imene udzaodere mawa, osati imene udaodera dzulo. Mavenda a kaunjika amene adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu Febuluwale 2025, podandaula za kukwera kwa mabelo, ankalira chinthu chomwechi.

Za katapila ndiye buku silinyengerera. Ngati wokongoza akufuna K50 pa K100 iliyonse pa mwezi, pomwe geni yanu imabala K30 pa K100 pa mweziwo, ndiye kuti mwalembedwa ntchito ndi katapilayo popanda malipiro.

M'kati mwa fakitale

Gawo limene ambiri sitilidziwa ndi la kayendetsedwe ka ntchito yopanga katundu, limene pa Chingerezi amati operations management. Funso lake ndi limodzi: kuchokera pamene zipangizo zalowa pa geti kufika pamene katundu watuluka, kodi nthawi, anthu, magetsi ndi zipangizo zikutayika pati?

Maphunzirowa adayambira m'mafakitale a ku Amereka. Injiniya wina, Frederick Taylor, ankaima ndi wotchi pambali pa antchito a pa fakitale ya zitsulo n'kumayeza kuti ntchito iliyonse ikutenga mphindi zingati, mpaka kukula kwa fosholo ankakuyeza. Adatulutsa buku lake mu 1911. Antchito ambiri adadana naye poona kuti akuwasandutsa makina, ndipo mkangano umenewo sudathe mpaka lero. Mu 1913 kampani ya Henry Ford idayamba kumanga magalimoto pa mzere woyenda, munthu aliyense ataima pamalo pake n'kumachita kantchito kamodzi. Nthawi yomangira galimoto idatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka, mtengo wa galimoto nawo n'kutsika.

Musaone ngati izi ndi za kutali. Pitani kwa mnyamata wa tchipisi pa siteji. Tinene kuti wosenda mbatatesi amatha ndowa zitatu pa ola, wodula amatha ziwiri, koma chiwaya chimapsetsa ndowa imodzi yokha pa ola. Makasitomala ali pa mzere, ena akutopa n'kupita kwa mnzake. Mwini wake akalemba wosenda wachiwiri, wangoonjezera malipiro ndi mbatatesi zoda m'madzi. Tchipisi sichuluka mpaka atagula chiwaya chachiwiri kapena kukonza moto. Malo othina otere amawatcha khosi la botolo, ndipo lamulo lake n'lakuti ntchito yonse imayenda pa liwiro la malo ochedwetsawo. Ku chigayo n'chimodzimodzi: chokonola chikamachedwa, chogaya chimangolira chopanda kanthu uku chikudya magetsi.

Tsopano kulitsani chithunzichi mufike ku Nchalo kapena ku Dwangwa kumene kampani ya Illovo imapanga shuga. Nzimbe ikadulidwa iyenera kufika ku makina msanga, chifukwa ikagona shuga wake amayamba kuchepa. Odula, mathirakitala, sikelo ndi makina ofinya ziyenera kuyendera limodzi usana ndi usiku nyengo yonse yopanga shuga, ndipo kukonza kwakukulu kwa makina kumadikira miyezi ya mvula. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, tiyi wothyoledwa m'mawa ayenera kulowa m'fakitale tsiku lomwelo. Munthu amene amalinganiza zonsezi, kuti lole isachedwe, sipeya asasowe ndipo katundu atuluke wofanana lero ndi mawa, ndiye amene maphunzirowa amafuna kusula.

Nzeru ya ku Japan idachokera m'sitolo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, kampani ya Toyota ku Japan idalibe ndalama zounjikira zipangizo monga ankachitira a ku Amereka. Mmodzi mwa mainjiniya ake, Taiichi Ohno, adatengera nzeru pa masitolo akuluakulu a zakudya a ku Amereka, mmene kasitomala amatenga chimene akufuna pa shelefu, ndipo wa m'sitolo amangobwezeretsa chimene chachokacho. Adakonza zoti m'fakitale gawo lililonse lizipanga zokhazo zimene gawo lotsatira laitanitsa, pogwiritsa ntchito timakadi totchedwa kanban. Njirayi, imene amaitcha just-in-time, lero ikuphunzitsidwa m'mayunivesite a dziko lonse lapansi.

Mayi wa masamba amene amaoda mpiru wokwana tsiku limodzi, podziwa kuti wotsala afota, amachita zomwezo ngakhale sadamvepo za Toyota. Koma apa mpamene benchi imaposa buku. Ku Japan sipeya amafika pa ola limene wapangana. Kuno kwathu tilibe nyanja yamchere. Katundu amadzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo akhoza kukhala masabata pa doko kapena pa chipata. Ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, mafuta amasowa pa mapampu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Manijala wa fakitale ya ku Makata kapena ku Kanengo amene angatsatire buku la ku Japan mwachimbulimbuli atseka geti sabata yomweyo. Ayenera kuwerengera kuti asunge zipangizo zochuluka bwanji zodikirira tsoka, popanda kumanga mpamba wonse m'nyumba yosungira katundu. Mayi amene amakwera basi kukaoda ku Tanzania kapena ku Joni masamu amenewa amawachita ulendo uliwonse: akatenga wochepa, thiransipoti imudya, akatenga wochuluka, fasho isintha katundu ali m'chikwama. Wophunzira wanzeru amatenga njira ya m'buku n'kuiyesa pa zimene mayi ake akudziwa.

Nanga mafakitalewo ali kuti?

Apa ndiye pali fupa la nkhani. Akuluakulu a ku Ndirande akukumbukira mmene m'mawa msewu wopita ku Makata unkadzadzira ndi anthu opita ku ntchito. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inkalemba anthu masauzande ndipo inkagula thonje la alimi athu. Kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale ya mowa mu Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Koma zipata za malonda zitatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, katundu wotchipa wakunja adasefukira, chiongoladzanja cha m'mabanki chidakwera, ndipo lamulo logulitsa makampani a boma lidadza mu 1996. David Whitehead idafooka mpaka kugulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Fakitale ya Carlsberg idapita m'manja mwa a Castel mu 2016.

Tisanamizane, kaunjika amene amatidyetsa ambirife ndi mmodzi mwa adani a fakitale ya nsalu. Koma wogulitsa kaunjika sangaimbidwe mlandu, chifukwa iye amangogulitsa chimene thumba la Mmalawi lingakwanitse. M'zaka zaposachedwapa katundu amene dziko lino limagula kunja wakhala akuposa kawiri amene limagulitsa, ndipo chachikulu chimene timagulitsa chikadali fodya. Masomphenya a Malawi 2063, amene boma lidakhazikitsa mu Januwale 2021, amatchula mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Papepala zili bwino. Koma ana akumaliza maphunziro chaka chilichonse, ndipo mafakitale sakuphuka pa liwiro limenelo.

Zotsatira zake mumaziona nokha: anyamata ndi atsikana ovala bwino, envelopu ya khaki kukhwapa, akuzungulira maofesi mpaka nsapato kutha. Mu 2018 boma lidayambitsa ndondomeko yotenga achinyamata a madigiri kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake kwa kanthawi, umboni woti ulova wa ophunzira udafika posautsa. Ena amapezadi ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni, a inshuwalansi, a fodya ndi m'mabungwe, makamaka amene adachita akaunti n'kupitiriza mayeso a ukatswiri. Koma mipando ndi yochepa kuposa oifuna. Wotumiza mwana ku maphunzirowa adziwiretu zimenezi.

Chimene digiri ingachite pa benchi

Pali makomo amene wamalonda wa pamsika, ngakhale akhale wochenjera chotani, amavutika kulowapo. Banki siikongoza munthu chifukwa cha mbiri yake ya pamsika. Imafuna kuona mabuku a miyezi ingapo ndi ndondomeko yolembedwa ya mmene ngongole idzabwezedwere. Sukulu yogonera konko, chipatala kapena hotela yofuna nyemba ndi matimati mwezi ndi mwezi imafuna bizinesi yolembetsedwa kwa Registrar General, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi munthu wodziwa kulemba mtengo papepala ndi kuwerenga mgwirizano asanasaine. Masitolo akuluakulu salandira chiponde, uchi kapena mafuta ophikira opanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lakhala likuyeza katundu kuyambira mu 1972. Zonsezi ndi zimene mwana wa chaka chachitatu amayenera kuzidziwa.

Taganizani za matimati amene amaolera m'mbali mwa msewu ku Lizulu ndi ku Jenda nthawi imene achuluka, pomwe m'masitolo a m'tauni muli mabotolo a supu wa matimati wochokera kunja. Taganizani za mtedza wa ku Mchinji ndi ku Kasungu, umene ukasungidwa pachinyezi umachita chuku choopsa ndipo ogula akunja amaukana. Kusandutsa mtedza kukhala chiponde chovomerezeka si matsenga. Ndi kudziwa kusankha ndi kuumitsa mtedza, kuwerengera mtengo wa botolo limodzi kuphatikizapo magetsi ndi chizindikiro, kudziwa kuti makina akufunika kupanga mabotolo angati pa tsiku kuti abweze ndalama yake, ndi kupanga chinthu chofanana nthawi zonse. Fakitale siyambira pa chumuni chachitali. Ena amayambira pa makina amodzi kuseri kwa nyumba.

Komanso pali zimene kalasi singaphunzitse. Kudziwa kasitomala wobweza ngongole pongomuyang'ana m'maso. Kudziwa mlimi wa ku Tsangano amene sakuikira mbatatesi zazing'ono pansi pa thumba. Kunenerera mtengo popanda kukwiyitsa munthu. Kudzuka 3 koloko m'bandakucha mwezi wa Juni. Kuyambiranso katundu atalandidwa, monga zidachitikira ambiri pa Operation Dongosolo mu 2006 pamene mavenda adachotsedwa m'misewu. Izi zili ndi inu, ndipo palibe pulofesa angazilembe pa bolodi.

Vuto ndi manyazi, ndipo ali mbali zonse ziwiri. Pali ana amene akangovala mkanjo wa galajuweshoni safunanso kuonedwa pafupi ndi benchi imene idawalipirira fizi. Palinso makolo amene amati, sindidakuphunzitse kuti udzagulitse matimati ngati ine. Zoona, simudamuphunzitse kuti adzakhale pa benchi yomweyo ndi milu yomweyo. Koma ngati angasandutse benchi kukhala hoselo, kapena kusonkhanitsa amayi khumi a mzere wanu kuti muzihaya lole imodzi m'malo moti aliyense azilipira payekha, kodi pamenepo wanyozeka? Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Musanatulutse fizi

Choyamba, mpamba si fizi. Mukadya mpamba chaka choyamba, chaka chachiwiri mwana abwerera kunyumba ndipo geni idzakhala itagwa kale. Werengerani ndalama za chaka chonse, muzigawe pa masabata, ndipo muziika padera pang'onopang'ono kuchokera pa phindu, kaya ku banki mkhonde, ku SACCO kapena pa foni.

Chachiwiri, mwana afunsire ngongole ya boma. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lidakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizithandiza ophunzira osowa a m'sukulu zovomerezeka. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, si mphatso, adzabweza akamaliza. Komabe ndi yopepuka kutalitali poyerekeza ndi ya katapila.

Chachitatu, funsani ngati phunzirolo lili ndi nthawi yokagwira ntchito ku kampani asanamalize. Wophunzira za mafakitale amene sadaponde m'fakitale ali ngati dalaivala wophunzirira pa mpando wa m'nyumba.

Chachinayi, digiri si njira yokhayo. Mwana amene manja ake ndi aluso akhoza kupita ku makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, bungwe limene lidayamba mu 1999, n'kudzaonjezera maphunziro a bizinesi pambuyo pake ali kale ndi chochita. Makina a m'fakitale amafuna owakonza ambiri kuposa mamanijala.

Chachisanu, ndipo ichi ndiye chachikulu, holide iliyonse mwanayo abwere pa benchi. Mugulireni kope la masamba 80 ndi cholembera. Alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka kwa mwezi wathunthu, mabanyira ndi zoola zomwe, ngongole za makasitomala ndi zimene mwatengako za pakhomo. Inunso musamubisire manambala, chifukwa dokotala sachiza wodwala wobisa bala. Pakutha pa mwezi akuuzeni zinthu zitatu: katundu amene akukupatsani phindu lenileni, katundu amene akungokutopetsani, ndi tsiku la sabata limene ndalama imathawa kwambiri.

Akakuyankhani zomveka, dziwani kuti fizi yanu yayamba kale kubwerera, ngakhale kalata ya ntchito isanabwere. Akalephera, pomwe wamaliza chaka chachiwiri, mukhale naye pansi mumufunse bwinobwino chimene akuchita ku sukuluko. Ndalama ndi zanu, amayi ndi abambo, ndipo mudazipeza ndi thukuta la pa dzuwa. Muli ndi ufulu wonse wofunsa.